Ma bauti a manifold akana kumasuka, musawakakamize

Achimwene mwafunsa za lole yanu yakale ya Toyota Dyna ija, kuti ma bauti a manifold ya ekizozi (chitsulo chotulutsira utsi mu injini kupita ku paipi ya ekizozi) agwira dzimbiri ndipo sipanala ikungoterereka, chonde imani kaye, musaike paipi pa sipanala kuti mukoke ndi mphamvu. Ambiri amathyolera bauti mkati mwa hedi (mutu wa injini) pamenepo, ndiye ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yophwasula injini. Mwati loleyo inakhalitsa ku Durban ndiye sizodabwitsa, mphepo ya kunyanja ili ndi mchere, kuno ku Johannesburg kouma galimoto sizichita dzimbiri choncho.

Yambani ndi burashi ya waya, chotsani dzimbiri lonse pa nati ndi pa mazinga. Kenako thirani mafuta omasulira dzimbiri a Q20 kapena WD-40 madzulo, mmawa thiraninso, masiku awiri kapena atatu ngati lole siyikufunika msanga. Mukathira muzimenya pamutu pa bauti ndi hamala pang'onopang'ono kuti dzimbiri lisweke mafuta alowe. Sipanala yotsegula kukamwa ija isiyeni, pezani soketi ya makona 6 osati 12, ya 12 ndi imene imadya mutu mpaka kukhala wozungulira. Ngati nati yadyeka kale khomerani soketi yocheperako pang'ono ndi hamala igwire zolimba.

Pomasula yambani ngati mukumanga, pang'ono chabe, kenako bwezani. Ikangosuntha musasangalale nkupitiriza, ipititseni uku ndi uku mukuthira mafuta, mudzaona timadzi tofiira tikutuluka m'mazingamo. Mukamva ikufewa mwadzidzidzi koma nati siyikutuluka siyani pomwepo, ndiye kuti chitsulo chikupotoka chatsala pang'ono kuduka.

Zikakana apo ndi moto basi, ndipo kwa ine palibe choposa moto. Itanani wa gasi wowotcherera awotche natiyo mpaka ifiire, chitsulo chikatentha chimafutukuka dzimbiri nkulekana. Koma onetsetsani kaye mapaipi a dizilo, mawaya ndi ma hosi, ndipo pukutani mafuta munathira aja chifukwa amayaka, chozimitsira moto chikhale pafupi. Onaninso ngati hedi yanu ndi ya aluminiyamu, imeneyo moto wambiri siyifuna, lawi lizikhala pa nati pokha.

Bauti ina ikathyoka musataye mtima, zimachitika ngakhale kwa amakaniko akale. Njira yabwino ndi kuika nati yatsopano pamwamba pa chotsalacho nkuwotcherera mkati mwake, kutentha komweko kumathandiza, ikazizira mumasula bwinobwino. Chotsani waya wa batire musanawotcherere. Ma easy out, tizitsulo totulutsira bauti yothyoka, ine sindiwakhulupirira pa ntchito ngati iyi, ndi olimba koma amaduka, ndipo akadukira mkati dirilo wamba sawaboola. Ngati yathyokera mkati kwambiri pitani nayo hediyo kwa a engineering, cha ku Booysens ndi Selby alipo, aboole pakati penipeni aike helicoil (waya wopota wobwezeretsa mazinga).

Pobwezeretsa musabwezeremo zakale ayi, gulani ma stud (ma bauti opanda mutu), ma nati ndi gasiketi zatsopano, pakani copper grease pa mazinga. Manifold yomweyo muiike rula yachitsulo muone ngati siyinapindike, ikapindika a engineering aja akaisalaze apo ayi izingopuma m'mbali nkuwotcha gasiketi yatsopanoyo. Pomanga yambani ma nati apakati muzipita kunja, ndipo injini ikatentha nkuzizira muwaonenso.