Wojambula pulani akhalenso womanga? Yankho kwa achemwali a ku Manchester

Kalata yandipeza kuchokera kwa mayi wina amene ndi namwino ku Manchester. Malonje ndawadula, funso lake ndi ili:

"Ndili ndi puloti ku Lilongwe ndipo ndikufuna kumangapo nyumba zinayi za lendi, ziwiri pansi, ziwiri pamwamba. Architect amene ndamupeza akuti ndisavutike kufunafuna kontrakitala. Pulani ajambula ndi iye, kumanga amanganso iye yemweyo, mgwirizano umodzi, mtengo umodzi, ine ndidzangolandira makiyi. Akuti njira imeneyi ndi design and build. Alongo anga akuti ndikane, munthu mmodzi sangagwire zonse. Koma ine pomanga nyumba ya amayi kumudzi ndinatopa kutumiza ndalama uku kwa bilida, uku kwa kalipentala, uku kwa wamagetsi, aliyense akuloza chala mnzake. Ndivomere?"

Achemwali, njirayo ndi yabwino, ndipo kwa munthu amene ali kutali ngati inu ndingakuuzeni kuti muitenge. Chimene musavomere ndi momwe akuyalirani, kuti inu mungokhala chete kudikira makiyi. Alongo anuwo aona chinthu chenicheni, kungoti mankhwala ake si kukana.

Tiyambe ndi njira imene tinaizolowera pa ntchito zikuluzikulu. Mwini ntchito amalemba architect kuti ajambule. Injiniya amawerengera maziko, mizati ndi silabu. Katswiri wowerengera zipangizo ndi mitengo, amene pa saiti timangomuti QS, amalemba BoQ, ndiye kuti mndandanda wa chilichonse chimene chidzalowe m'nyumbamo ndi kuchuluka kwake. Kenako makontrakitala angapo amapereka mitengo yawo, mmodzi n'kupambana. Kumanga kukayamba architect uja amakhala kumbali ya mwini ntchito. Amayendera, amakana zimene zapotoka, ndipo kontrakitala salandira ndalama popanda iye kusaina kuti ntchitoyo yagwiridwadi. Vuto la njira imeneyi ndi lomwe munakumana nalo kumudzi lija, kungoti pano lavala tayi. Khoma likang'aluka, kontrakitala amati pulani ndiyo inalakwika, wojambula amati amisiri ndiwo sanatsate pulani, inu muli pakati ndi ngongole.

Design and build inabwera kudzatseka mpata umenewo. Mumasainirana ndi kampani imodzi, ndipo chilichonse cholakwika, kaya chinayambira pa pepala kaya pa saiti, mwini wake ndi yemweyo. Koma pali funso limene ambiri salifunsa: m'kati mwa kampani imodziyo, ali pamwamba ndani? Kumene muliko ku Britain, kawirikawiri amatsogolera ndi kontrakitala, architect amakhala wolembedwa ndi iye. Nthawi zina architect amayamba ali wa mwini ntchito, pulani ikafika pena pake amasamutsidwa kuti azilipidwa ndi kontrakitala. Kuyambira tsiku limenelo amene akumupatsa malipiro ndi munthu amene phindu lake limakula zipangizo zikatchipa.

Nkhani ya Grenfell Tower muyenera kuti mukuidziwa kuposa ine. Nyumba ija ya nsanjika 24 ku London inapsa pa 14 June 2017, anthu 72 anamwalira. Ntchito yoikonzanso moto usanachitike inali ya design and build, wotsogolera anali kontrakitala, ndipo architect anasamutsidwira kwa iye monga ndafotokozeramu. Zokutira kunja kwa makoma zinasinthidwa, m'malo mwa zinc anaika mapanelo a aluminium okhala ndi pulasitiki m'kati, pofuna kupulumutsa pafupifupi mapaundi 300,000. Lipoti lomaliza la kafukufuku wa boma, lomwe linatuluka mu September 2024, linadzudzula ambiri: opanga zipangizozo, kontrakitala, architect yemwe, oyang'anira nyumbayo ndi khonsolo. Chimene chimandiwawa ndikamawerenga nkhani imeneyi n'chakuti aliyense ankaganiza kuti za moto akuziona ndi mnzake. Pa pepala udindo unali pamalo amodzi, pa ntchito unalibe mwini. Ndiye mawu oti "mgwirizano umodzi" asakugonetseni tulo.

Zimene akukupatsani inuzi ndi zosiyana pang'ono, chifukwa pamwamba pali wojambulayo, amisiri ali pansi pake. Si zachilendo ayi, ndi mmene ankamangira kale. Filippo Brunelleschi, amene anamanga denga lozungulira la tchalitchi chachikulu cha Florence ku Italy kuyambira 1420 mpaka 1436, anaganiza kamangidwe kake, anapanga makina okwezera miyala ndi njerwa, ndipo ankayang'anira amisiri. Kwathu konkuno tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzire za zomangamanga, pamodzi ndi amisiri a kuno ndi njerwa zoumbidwa pomwepo. Kulekanitsa wojambula ndi womanga kunabwera pambuyo pake, ndipo kunali ndi chifukwa chake: ankafuna kuti wolangiza mwini ntchito asakhale ndi phindu pa zimene akulangizazo. Ku America bungwe la ma architect linkaletsa mamembala ake kukhala makontrakitala mpaka 1978.

Ubwino wa architect kukhala wotsogolera umaoneka pa tinthu timene kontrakitala wothamangira phindu amayamba kudula. Tinene khonde ndi kutalika kwa malata kupitirira khoma. Wojambula wabwino amatulutsa denga mokwanira kuti mvula ya January isamenye pulasitala ndiponso dzuwa la October lisalowe pa zenera masana. Amapewa kuika mazenera akuluakulu kumadzulo, amasiya mpata woti mpweya wotentha utuluke pakati pa siling'i ndi malata. Munthu wosadziwa chifukwa chake akaona zimenezi amangoona malata ndi matabwa owonjezera, amadula, nyumba n'kukhala ng'anjo. Pamene wojambula yemweyo ndiye akugula zipangizo, ndalama zikachepa amadziwa poyenera kudula. Asintha matailosi kapena zitseko za m'kati, denga alisiya. Francis Kéré wa ku Burkina Faso, amene analandira mphoto yaikulu ya ma architect ya Pritzker mu 2022, anatchuka ndi sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa kwawo ku Gando yomwe inatha mu 2001. Makoma ndi a njerwa za dothi, malata anawakweza m'mwamba kuti mphepo idutse pansi pake, ndipo iye anali pomwepo kumanga ndi anthu a m'mudzimo. Nyumba yotere siituluka bwino wojambula akangotumiza mapepala n'kukhala mu ofesi.

Ubwino wina ndi woti amajambula akudziwa mitengo ya lero ya simenti ndi zitsulo, chifukwa adzagula ndi iye. Mapulani ambiri okongola akugona m'madirowa chifukwa mtengo wake unadzadziwika pulani itatha kale.

Tsopano chimene mukutaya, ndipo pano ndichedwapo. M'njira yakale ija architect anali maso anu. M'njira iyi amene akunena kuti "maziko atha bwino, lipirani" ndi yemweyo amene alandire ndalamazo. Ali ngati wosewera mpira amene wapatsidwanso wezulo. Sindikunena kuti munthu wanuyo ndi wakuba, mwina ndi wokhulupirika kwambiri. Koma ngakhale wokhulupirika, simenti ikakwera mtengo ntchito ili pakati, amayamba kudziuza kuti thumba limodzi likhoza kutulutsa mabuloko ochulukirapo pang'ono.

Ndipo m'nyumba yosanja, zinthu zofunika kwambiri ndi zimene zimakwiririka. Taganizirani m'mawa wa tsiku lothira silabu ya pamwamba. Matabwa akhomedwa, zitsulo zalukidwa, mchenga ndi miyala zaunjikidwa, anyamata ali ndi mawilibala. Injiniya analemba kuti pakhale zitsulo za Y12, ndiye kuti zonenepa mamilimita 12, motalikirana mwakutimwakuti. Kodi zimene zili pamenepo ndi Y12 kapena Y10 zochepa mphamvu? Kodi zatalikirana monga analembera, kapena azitakasa kuti zitsulo zikwane? Kodi pansi pake aikapo timiyala ta konkire toti chitsulo chisagone pa thabwa, kuti konkire ichikute mbali zonse chisadzachite dzimbiri? Pofika madzulo zonsezi zili m'kati mwa konkire, palibenso amene adzazione. Zithunzi za pa WhatsApp zidzakuonetsani silabu yosalala bwino. Sizidzakuuzani ngati anaithirira madzi kwa sabata yathunthu kuti ikhwime, kapena ngati anachotsa mitengo yochirikiza nthawi isanakwane pothamangira ntchito ina. Malata nawo, geji 28 ndi geji 32 pa chithunzi amaoneka chimodzimodzi, koma 32 ndi wopyapyala. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chimene chimagwedezeka, anthu a ku Salima akukumbuka chivomezi cha 1989 ndipo a ku Karonga akukumbuka cha December 2009. Mukufuna kugoneka mabanja awiri pamwamba pa mabanja ena awiri.

Choncho lembani munthu wanuwanu, wolipidwa ndi inu, amene sadya nawo phindu la kampaniyo. QS wodziyimira payekha aone BoQ musanasaine, ndipo aziyeza ntchito musanatumize ndalama iliyonse. Injiniya amene anawerengera nyumbayo, kapena wina amene mwamusankha inu, abwere kudzaona maenje a maziko asanathire konkire, adzaonenso zitsulo za mizati ndi za silabu zisanakwiriridwe, ndipo alembe pa pepala kuti waona. Malipiro a anthu awiriwa ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yonse. Alongo anu akhoza kumapita kukaona ngati anthu ali pa ntchito, zimenezo n'zothandiza, koma musawasenzetse udindo woweruza zitsulo ngati si ntchito yawo. Mudzangodanitsa pachibale. Architect wanu akakwiya pomva kuti mukubweretsa QS wanu, chimenecho chikhale chizindikiro choti muganizenso. Wodziwa ntchito yake amakondwera, chifukwa pepala la QS limamutetezanso iye mukadzayamba kukayika.

Chachiwiri, gawani mgwirizanowo pawiri ngakhale munthu ali mmodzi. Gawo loyamba likhale la pulani yokha: zojambula zonse, za injiniya, BoQ, ndi chilolezo cha khonsolo ya mzinda wa Lilongwe. Mulipire gawo limeneli palokha, ndipo palembedwe kuti muli ndi ufulu womangira mapulaniwo pa puloti yanu ngakhale womanga atakhala wina. Zikatha izi ndi pamene apereke mtengo womangira. QS wanu auyerekeze ndi mitengo ya pamsika, kapena mufunse makontrakitala awiri kuti atchule mitengo yawo pa BoQ yomweyo. Mtengo wake ukakhala wabwino, pitirizani naye, mwapeza zabwino zonse za njirayi. Ukakhala wokwera mopanda chifukwa, muli ndi potulukira. Mtengo umene munthu amatchula pulani isanajambulidwe ndi wongoganizira, ndipo pambuyo pake mudzamva kuti "zimenezo sizinali mu mtengo uja", mpanda, thanki ya madzi, dzenje la suweji, kulumikiza magetsi a ESCOM.

Za "mtengo umodzi" nazo tikambirane moona. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anasaina mtengo wosasintha miyezi ingapo zimenezi zisanachitike anali ndi njira zitatu: kuluza, kuthawa ntchito, kapena kubweza ndalamazo pa zinthu zokwiririka zija. Ndiye munthu akakulonjezani mtengo wosasintha wa ntchito ya chaka chathunthu, mwina waukweza kale kwambiri kuti adziteteze, mwina sanaganize bwino. Chanzeru n'kugwirizana poyera. Malipiro a amisiri ndi phindu lake zikhale zokhazikika, koma simenti, zitsulo ndi malata zikakwera, kusiyanako kuwerengedwe ndi malisiti ndipo QS atsimikize. Inu muli ndi mwayi woti mumalandira mapaundi. Musasinthe ndalama zonse kukhala makwacha nthawi imodzi, tumizani gawo ndi gawo. Zitsulo ndi malata mukhoza kugula msanga ngati pali posunga potetezeka, koma simenti ayi, imagwirana ikakhalitsa, makamaka nthawi ya mvula.

Kalipiridwe katsate ntchito imene yaoneka, osati kalendala: maziko, makoma a pansi, silabu, makoma a pamwamba, denga, zomalizitsa. Ya poyambira ikhale yochepa. Pa malipiro aliwonse muzisungako pang'ono, ambiri amasunga 5 peresenti, ndipo ina mwa ndalama imeneyi adzailandire patatha miyezi 6 kapena 12 nyumba itaperekedwa, atakonza zonse zimene zaonekera. Yesetsani kuti nthawi imeneyi idutse dzinja lathunthu, chifukwa denga lodontha ndi chinyezi cha m'makoma sizioneka mu August.

Mapepala ake muwaone awiri, osati limodzi. Loyamba losonyeza kuti iye ndi architect wolembetsedwa ku Board of Architects and Quantity Surveyors, chifukwa ambiri odziwa kujambula pa kompyuta amadzitcha dzinali. Lachiwiri losonyeza kuti kampani imene imange inalembetsedwa ku bungwe loona za ntchito zomanga, lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, ndipo ili m'gulu lololedwa kugwira ntchito ya ndalama zochuluka chotero. Luso lojambula ndi luso loyendetsa saiti ndi zinthu ziwiri. Kuyendetsa saiti ndi kulipira aganyu Loweruka lililonse, kuonetsetsa kuti matumba a simenti sakutuluka pa geti madzulo, kudziwa kuti lole ya mchenga ifika liti. Mufunseni kuti folomani wake ndani, wakhala naye nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati ntchitoyo adzaipereka kwa kontrakitala wina, dzina la kontrakitalayo lilembedwe mu mgwirizano. Apereke nyumba ziwiri zimene anajambula n'kumanga yekha, makamaka zosanja, zimene anthu akhalamo kale zaka ziwiri kapena zitatu. Alongo anu apite akacheze ndi eni ake architect palibe, akayang'ane siling'i ngati ili ndi madontho a mvula, akafunsenso ngati mtengo umene anagwirizana poyamba ndi umene analipira pomaliza.