Yambani ndi adapalene, achemwali, aukaliwo adikire kaye

Achemwali, mwati adokotala anakulemberani mankhwala opaka a ziphuphu otchedwa tretinoin 0.05% n'kunena kuti mutha kutenganso adapalene 0.1% m'malo mwake, ndiye mukufunsa kuti mugule uti, poti mnzanu wa kuntchito akuti tazarotene ndiye amathetsa ziphuphu msanga. Mwatchulanso za madontho akuda m'masaya, ndipo kwa ine pamenepo mpomwe pagona nkhani.

Onse atatuwa ndi a banja limodzi la retinoid. Amatsegula timabowo ta pakhungu tomwe tatsekeka ndi mafuta komanso khungu lakufa, kuti chiphuphu chisayambe n'komwe. Tretinoin ndi wamkulu wawo, anavomerezedwa ku America mu 1971, ndipo ntchito amagwira, palibe angatsutse. Adapalene anabwera mu 1996, ndipo poti savuta kwambiri pakhungu, kuyambira 2016 kumeneko wa 0.1% amagulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Tazarotene ndiye waukali kuposa anzakewo.

Ine ndikuti tengani adapalene. Khungu lathu lakudali likangopsa kapena kutupa pang'ono, limasiya dontho lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lizilale. Ndiye mankhwala akakhala aukali, mutha kuchotsa ziphuphu koma n'kuwonjezera madontho omwe akukudandaulitsaniwo. Msuweni wanga anayamba ndi tretinoin 0.1% usiku uliwonse m'mwezi wa Julaye, mphepo ya mwera ili pachimake kuno ku Lilongwe. Sabata yachiwiri khungu la m'mbali mwa mphuno ndi la kukamwa linali likusenduka, akamaseka ankamva kung'ambika, madzi enieniwa akamukhudza kumaso ankachita tsinya ndi ululu. Anawasiya mwezi usanathe, mabanga ali mbwee. Mankhwalawo sanali oipa, koma anamuposa mphamvu. Amene angakuthandizeni ndi omwe mungapirire nawo miyezi itatu osadukiza.

Chinanso, ngati adokotala anakupatsaninso benzoyl peroxide, mankhwala ena opaka a ziphuphu, adapalene amagwirizana naye bwino, moti alipo mankhwala ena omwe awiriwa anawaphatikiza mu chubu chimodzi. Tretinoin wamba amafooka akakumana ndi benzoyl peroxide kapena kuwala kwa dzuwa, choncho mukasankha iyeyo, benzoyl peroxide mamawa, tretinoin usiku. Samalaninso pilo ndi thaulo, benzoyl peroxide amasukulutsa nsalu.

Kapakidwe kake ndi komwe ambiri amaphonya. Usiku sambani ndi sopo wosawawa, osakhula, dikirani mphindi 20 kuti nkhope iume gwa. Finyani pachala kochepa ngati njere imodzi ya nandolo, kameneko kakwanire nkhope yonse, osati kudontheza pa chiphuphu chokha ayi, chifukwa cholinga ndi kuletsa zomwe zisanatuluke. Pewani m'mbali mwa maso, milomo ndi m'makona a mphuno. Masabata awiri oyamba pakani kawiri kapena katatu pa sabata, kenako muzionjezera khungu likazolowera. Pamwamba pake dzolani mafuta opepuka osanunkhira. Mamawa sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) wa SPF 30 musamuphonye, makamaka tikamalowa dzuwa la Okutobala. Ngati mumayenda pa kabaza kapena kudikira minibasi padzuwa, chipewa kapena ambulera zikhale m'chikwama. Popanda zimenezi madontho aja azingodabe.

Masabata oyambirira ziphuphu zitha kuoneka ngati zachuluka. Musataye mtima, kusintha kwenikweni kumaoneka pakatha masabata 8 mpaka 12. Ikakwana nthawi imeneyo koma palibe chasintha, bwererani kwa adokotala, ndi pomwe angakukwezereni pa adapalene 0.3% kapena tretinoin uja.

Tsono ichi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Ngati muli oyembekezera, kapena mukufuna mwana posachedwa, musapake aliyense mwa atatuwa. Tazarotene ndiye woletsedweratu chifukwa angavulaze mwana m'mimba. Ngati mukuyamwitsa, auzeni adokotala musanayambe.

Sindikukuganizirani zoipa, koma ndifunse poti ambiri timachita manyazi kunena: kodi pali mafuta oyeretsa khungu omwe mukudzola? Ambiri mwa ogulitsidwa m'misika amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol kapena betamethasone, ndipo amenewa amatulutsa ziphuphu paokha, n'kupepukitsa khungu moti retinoid aliyense amaotcha. Ngati alipo, tengani botololo mukawaonetse adokotala, akuuzeni kasiyidwe kake, chifukwa kungosiya mwadzidzidzi nkhope imatha kufutukuka.

Gulani ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, muone tsiku lothera ntchito pa chubu, ndipo muzisunga pamalo posatentha. Koma ngati ziphuphu zanu ndi zija zikuluzikulu zolowa mkati, zopweteka, zosiya maenje, zopakazi pazokha sizingakwanitse. Pitani ku kiliniki ya khungu ku chipatala cha Kamuzu Central, mwina pafunika mapiritsi ngati doxycycline pamodzi ndi adapalene yemweyo.