Musamuletse History mwanayo, koma mufufuze amene akuphunzitsa

Amayi, ndawerenga zanuzo ndipo mtima wayambanso kuwawa. Mtsikana wanu akufuna History ku Fomu 3, bambo ake akuti asiye chifukwa History sidyetsa munthu. Ine ndinaitenga ndi mtima wanga wonse ndipo inandigwetsa pa MSCE, koma chondigwetsa si phunzirolo ayi, ndi bambo amene ankatiphunzitsa.

Dzina lawo sinditchula, ena mugulu muno munadutsa m'manja mwawo ndipo mwawadziwa kale. Ku Fomu 3 ankabwera bwinobwino. Amaravi ndi Kalonga, Angoni a Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835, Jumbe ndi malonda a akapolo ku Nkhotakota, amishoni a UMCA kufika ku Magomero mu 1861, zonsezi ndinkangomeza. Za Chilembwe ndiye musanene. Agogo anga ankasimba za thangata ine ndisanayambe n'komwe sukulu, ndiye pomva kuti pa 23 January 1915 anthu ake analowa pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, ndinkaona kuti akunena za pakhomo pathu. Magomero si patali ndi kwathu kuno ku Zomba.

Tafika Fomu 4 bambo aja anayamba kusowa. Akabwera Lolemba, mudzawaonanso sabata ya mawa. Ankangotumiza kope kwa monita kuti azitikopera manotsi pabolodi, opanda wofotokoza. Kumeneko n'kuti madzulo alionse akuphunzitsa part-time kunyumba kwawo, olipira okhaokha. Mbiri ya kunja yonse, nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pangano la Versailles la 1919, League of Nations, kugwa kwa mfumu ya ku Russia mu 1917, Hitler kutenga boma mu 1933, zonsezo zinkaphunzitsidwa pakhonde pawo. Mayi anga ankagulitsa tomato mumsika waukulu uja, fizi yokha inali nkhondo, ya part-time akanaitenga kuti? Tinapita kwa ahedi kangapo kukadandaula, ankangoti tamva, tiona. Sanaone kanthu. Mayeso atayandikira bambo aja analowa m'kalasi n'kutiuza maso ali gwa kuti tisadzivute ndi za ku Ulaya, chaka chino sizibwera, tingogwira Federation ya 1953 ndi Cabinet Crisis ya 1964. Ife tinakhulupirira. Mwana wasukulu angatsutse bwanji mphunzitsi wake?

Tsiku la pepalalo sindidzaliiwala. Kunkazizira, mphepo ija yotsika kuphiri, koma nditangotembenuza pepala thukuta linayamba kutuluka m'manja mpaka cholembera kumaterereka. Gawo la za kuno ndinalemba mothamanga: Nyasaland African Congress ya 1944, Kamuzu kubwera pa 6 July 1958, State of Emergency ya pa 3 March 1959, zonse zinali m'mutu. Kufika gawo la za kunja, funso likuti fotokozani chifukwa chake League of Nations inalephera. Linzake likufunsa za Versailles ndi mmene dziko la Germany linalangidwira. Ndinayang'ana lina, ndinabwereranso pa loyamba, kuwerenga mobwereza ngati mawuwo asintha. Mtsikana wa kumbuyo kwanga, wa pakhonde paja, cholembera chake chimangolira, mpaka anakweza dzanja kupempha pepala lina. Ine masamba ali mbee. Ndinayamba kulemba chilichonse chokhudza nkhondo chimene ndinkadziwa, za asilikali a nthawi ya atsamunda a KAR (King's African Rifles) amene chipilala chawo timachidutsa tsiku ndi tsiku pafupi ndi Cobbe Barracks, za kalata imene Chilembwe analemba mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya eni. Ndinkadziwa kuti si zimene afunsa, koma kukhala osalemba kunkandipweteka kwambiri. Invijileta atati zolembera pansi, misozi inali itadontha kale papepala, inki yafalikira.

Potuluka ndinawapeza bambo aja ataima pansi pa mtengo ndi ana awo olipira, akuseka, akuwomberana m'manja kuti zonse zagwa mmene ananenera. Mmene ananenera kwa ndani? Anandiona, sanandifunse n'komwe kuti zayenda bwanji. Zotsatira zitatuluka History ndinapeza 8, phunziro limene ndinkadalira kuti lindipatsa 1 kapena 2. Mapointi anakwera, dzina langa ku Chanco, yunivesite ya pa Chirunga, silinatuluke. Kukulira mu Zomba, kumadutsa pa Chirunga wapansi ukuona anzako akulowa pageti, iwe ukupita kukasaka ganyu m'tauni, amayi inu zimawawa. Munthu wolandira malipiro a boma mwezi ndi mwezi kugulitsa theka la silabasi kwa ana a anthu osauka, ndimakanika kumukhululukira mpaka lero.

Koma mwana wanuyo muloleni atenge. Auzeni bambo ake kuti posankha opita ku yunivesite amawerengera maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, ndiye 1 wa History amatsitsa mapointi chimodzimodzi ndi 1 wa Physics. Masamu ndi Biology zokha asataye, makamaka ngati mawa adzafune za unamwino. Koma ngati mtima wake uli ku zamalamulo, utolankhani kapena uphunzitsi, History imamuphunzitsa kuyala mfundo, chinayambitsa n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Asamangoloweza zaka, mayeso amafuna afotokoze. Ndipotu kulibe malo abwino ophunzirira phunziroli kuposa kuno, likulu la dziko linali pompano mpaka 1975, nyumba yakale ya malamulo ilipo, National Archives ilinso konkuno. Loweruka lina mupite naye akaone ndi maso.

Inuyo pezani silabasi, teremu ikatha muzitenga kope lake n'kufananiza. Mukaona kuti Fomu 4 yafika pakati za kunja sanayambe, musadikire ahedi, pitani ku PTA mukachite phokoso. Mufunefune mapepala a MANEB a zaka zam'mbuyo azilemba yekha kunyumba, ndipo wina akamuuza kuti mutu wakuti subwera chaka chino, awerenge womwewo usiku womwewo. Ndipo ngati mphunzitsi wake ali ndi part-time, lipirani basi. Ndimadana nazo ndi mtima wonse, koma kongolani ngakhale kubanki m'khonde, mwanayo akakhale nawo pakhondepo.