Gasi wa ndowe ndi dilamu langa lomwe linasasa

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera imelo. Ali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka, mtengo wa makala wamukwana, ndiye akufunsa ngati biogas, gasi wophikira wochokera ku ndowe, imagwiradi ntchito kapena ndi nkhani za m'masemina chabe. Mayi, mwandiponda pachilonda.

Ine ndinapangapo wanga kuseri kwa nyumba: dilamu la pulasitiki la malita 200, paipi, ndi chubu cha galimoto chosungiramo gasi. Ndinasungunula ndowe ndi madzi, n'kutseka kuti mpweya wakunja usalowe, poti tizilombo topanga gasiyu sitigwirizana ndi oksijeni. Patatha masabata atatu chubu chinafufuma. Gasi woyamba sanayake, ndinamutaya. Wachiwiri anayaka, lawi la buluu lopanda utsi, ndipo ndinaitana anansi kuti adzaone ketulo ikuwira ndi ndowe. Agogo a kuseri anakana tiyi wake.

Kenako dyera linandilowa. Mkute, makoko a nthochi, tomato woola wotola pamsika, zonse m'dilamu, tsiku lililonse. Sipanathe masabata awiri, lawi linayamba kuphethira mpaka linazimiratu. Nditatsegula, fungo lake ngati thobwa logona masiku anayi.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti m'katimo muli magulu awiri a tizilombo. Ena amaswa chakudya kukhala asidi, ndipo ndi achangu. Ena amasandutsa asidiyo kukhala methane, yemwe ndiye amayaka, koma awa amaswana pang'onopang'ono. Ukadyetsa mopitirira, asidi amachuluka, aulesiwa n'kufooka. Dilamu langa linadwala m'mimba, basi. Mlamu wanga pofuna kuthandiza anathiramo madzi a sopo, kumalizitsa maliro.

Apa ndiye pamene ndimakwiya. Anthu a mapulojekiti amabwera, kumanga thanki, kujambula zithunzi, kulankhula Chingerezi cha "circular economy", n'kupita. Wophunzitsa kudyetsa thankiyo palibe. Chinthuchi n'chamoyo, chimafuna kudya mlingo umodzimodzi tsiku ndi tsiku ngati ng'ombe yomwe. Ndipo ndikunena mosabisa: amene amakugulitsani biogas pongotchula gasi wakuuzani theka. Chuma chenicheni ndi phala la ndowe lotuluka mbali ina ya thankiyo. Gasi amatenga kaboni, koma nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu zimatsala m'phalamo. Pabedi la mpiru pomwe ndinkathira phala langa, masamba ankabiriwira mpaka kuoneka akuda. Taganizani milu ya masamba a kabichi yoola pa Tsangano, pamene alimi omwewo akulira mtengo wa thumba la feteleza. Zimandiwawa. Ng'ombe idya udzu, ndowe zipereka moto, phala libwerera kumunda kukameretsa udzu wina. Agogo athu ankazidziwa kale ndi manyowa a m'khola, chimene chinkasowa ndi paipi yokha.

Nanga inu mutani, mayi?

Ng'ombe ziwiri zodyera m'khola zikukwanirani, bola ndowe zisamatayikire kudambo. Makilogalamu 25 a ndowe zaziwisi amapereka gasi pafupifupi malita 1,000, wophikira maola awiri kapena kuposerapo pang'ono pa sitovu imodzi. Ndowa imodzi ya ndowe, ndowa imodzi ya madzi, choncho mjigo usakhale kutali. Sopo ndi madzi a mankhwala ophera nkhupakupa asayandikire. Zotsala za kukhitchini muzithira pang'onopang'ono.

Dilamu lisiyeni. Tizilomboti timakonda kutentha kwa madigiri 35, ndipo inu mukudziwa m'mene Dedza amazizirira mu Juni ndi Julayi. Pezani mmisiri amene anamangapo thanki ya njerwa yokwirira pansi, yosazizira msanga ngati dilamu, ndipo musanamupatse ndalama, akakuonetseni ina yomwe anamanga zaka ziwiri zapitazo, ikuyaka.