Musalandire muli awiriwiri, koma musazisiyenso zitayike

Asisi inu amene mwafunsa za mamendulo a nkhondo amene agogo omwe mumawasamalira kuntchito akufuna kukupatsani, chonde musalandire muli awiriwiri mchipinda, ine zinandionekera mu 2019 ndikugwira ku aged care, nyumba yosamalirako okalamba, kufupi ndi Griffith ku New South Wales, ku Australia, mpaka lero ndikakumbuka mtima umachita kuwawa.

Tinali ndi agogo ena aakazi a zaka 94, analowa Australian Women's Land Army mu 1943 ali ndi zaka 18, atsikana aja ankapita kukagwira mminda amuna atapita kunkhondo. Ankathyola mphesa ndi malalanje maola 48 pa sabata, malipiro ma shilling 30, ndiye poti boma silinkawawerenga ngati asilikali gulu lawo litathetsedwa mu December 1945 anangobwerera kwawo chimanjamanja, ngakhale kuguba nawo pa Anzac Day, tsiku lokumbukira asilikali, anadikira zaka zambirimbiri. Ndikamawasambitsa ankandifotokozera zonsezi, ine ndimakumbuka madala a KAR, asilikali akale a King's African Rifles, aku Zomba amene timangowadutsa osawafunsa za ku Burma.

Tsiku lina anandipatsa kachitini ka mabisiketi, mkatimo baji yawo, zithunzi ali mu yunifomu, ndi makalata a achimwene awo amene anafera ku New Guinea, amvekere tenga mwanawe abale anga sazilabadira izi. Ndinakaika mu loka. Mmawa mwake mdzukulu wawo, munthu woti chaka chonse sanapondeko pamalopo, anafika akukalipa kuti wantchito waba. Abwana anandiitana nkukhuthula chikwama changa patebulo anzanga akuonerera, mpaka kontena yanga ya nsima anaitsegula, akutchula za apolisi, ine visa inali mmanja mwa ntchito yomweyo, miyendo kunjenjemera, pakamwa gwa, Chingerezi chonse chinathawa. Agogo sanawafunse nkomwe, akuti mutu wawo sukugwira, chonsecho ankatchula dzina la famu iliyonse imene anagwirako. Anandiimitsa ntchito masabata awiri opanda malipiro.

Atamwalira mwezi wotsatira mdzukulu yemwe uja anatenga TV ndi mpando, kachitini kaja ndinakapeza mu bini yaikulu kuseri, mvula italowamo, makalata atamatana inki yonse itasungunuka. Ndinalira pomwepo. Anandinyazitsa chifukwa cha zinthu zoti iye anakataya kudzala, munthu wopanda chisoni ameneuja, ndipo abwanawo pepani sananene mpaka ndinachoka.

Ndiye inu kanani basi, malamulo a mphatso ndi okhwima, ntchito yanu ndi imene ikudyetsa anthu kumudzi. Komabe musazisiye, zitayika ndithu. Auzeni abwana mwa kalata, agogowo asayine pali mboni, funsani a RSL, bungwe la asilikali akale, a mtauni mwanumo kapena kamyuziyamu ka komweko, ngakhalenso Australian War Memorial ku Canberra amalandira zina. Akakulolani jambulani chilichonse pafoni lero lomwe, ndipo mawa mukalowa shifiti muwafunse mayina a anthu ali pazithunzizo, mulembe kuseri ndi pensulo.