Voisi yoyankha msuweni pa za sukulu ya mnyamata

Assalam alaikum msuweni. Eee funso lako ndalimva, wati mnyamata wako akaphunzire za Chisilamu ku yunivesite ya Azhar ku Egypt kapena ya ku Mbale ku Uganda kuja, yotchipa ndi iti. Koma iwe ndimakudziwa, kubisa sumatha chiyambire tili ana. Za ndalama si zimene zikukusowetsa tulo ayi, ukuopa kuti adzabwera ngati mmene anabwerera malume aang'ono, eti?

Ukuikumbuka arubaini, sadaka ya masiku 40 munthu atamwalira ija, ya agogo aakazi? Aaa iyayi, sinali ya agogo, inali ya azakhali, iwe unali bize kuba nyama m'poto nde sungakumbuke bwino. Mpunga waphikidwa, mbuzi yaphedwa, mashehe akhala pamphasa pansi pa mango paja ayamba sikiri, basi malume angofika kumene kuchokera kunja ndi kanzu yawo yoyera mbee, kuimirira pakati pa anthu nkumati zonsezi ndi bida, zinthu zongowonjezera m'chipembedzo. Mbale ya mpunga anaibweza osaikhudza nkomwe. Mayi anga anakalilira kuseri kwa nkhokwe, ine ndinawaona ndi maso angawa. Kuchokera pamenepo a Sukuti okana sikiri uko, a Kadiriya ochita sikiri uko, anthu a mimba imodzi kuswali Juma kosiyana, mpaka pamaliro kumakanganirana mtembo uli pomwepo.

Koma taona malume omwewo lero, ndi amene amawagwira dzanja shehe okalamba aja popita ku mzikiti. Tsiku lina tikumwa tiyi pakhonde anandiuza okha kuti, mmm, anaphunzira mbali imodzi yokha, panalibe owauza kuti maulama akuluakulu, akatswiri a chipembedzo aja, ankasiyana maganizo koma osatukwanana.

Nde dikira, ndikubwera ku funso lako. Sudan ichotseretu, kuli nkhondo chiyambire 2023. Azhar ya ku Cairo yadutsa zaka 1000 ndipo amaphunzitsa mazihabu onse anayi, njira zomasulira malamulo a Chisilamu zija, wa Shafi'i wathuwu, Hanafi, Maliki ndi Hanbali, mwana amazolowera kuti mnzake akaswali mosiyanako pang'ono si kafiri. Ya ku Mbale inatsegulidwa 1988, kumeneko amalandiranso ana oti si Asilamu, kalasi imodzi, nazonso zimamuphunzitsa munthu kukhala ndi anthu. Mu Korani, sura ya Baqara ayah 143 muja akuti ummatan wasatan, mtundu wapakatikati, nde iwe usayambe ndi kufunsa fizi, funsa kaye ngati amaphunzitsa ikhtilafu, kusiyana kwa maulama kuja, komanso adabu, ulemu wa potsutsana.

Ndikutanthauza kuti, eee, pezani amene anamaliza kumeneko, mukhale nawo pansi, uone mmene amayankhulira ndi akulu akamasiyana nawo pa nkhani ya sadaka. Akamawanyoza, kumeneko ayi.

Wandimva msuweni? Kaye zimene akamuphunzitse za anthu osiyana naye, fizi pambuyo, tidzasonkherana inshallah. Ndipo mutumize kwa malume akacheze nawo asananyamuke, ngakhale masiku awiri. Upereke moni kwa alamu.