Za free throw wafunsa zija, mphwanga

Eya mphwanga, funso lako ndaliona, ndangoti ndilankhule chifukwa zolemba zichuluka. Enanu amene simusewera magemu mundipirire pang'ono. Ukuti munthu wako wa mu NBA 2K, gemu ya basketball ija, wamupatsa nambala ya luso ya 90 pa three (kuponya kwakutali kwa mapointi atatu), akuchinya ali kutali, koma akangoima pa mzere wa free throw, poponya popanda womutchinga atachitidwa faulo, akuphonya, ndiye ukufunsa ngati gemuyo yasokonekera. Ayi, siinasokonekere.

Tatsegula pamene pali manambala a munthu wakoyo uonetsetse. Mid-range, kuponya kwa mtunda wapakatikati, ili payokha, three ili payokha, free throw nayonso ili payokha. Ukaunjika mapointi onse okwezera luso pa three, free throw n'kuisiya pa 60, gemu siiganiza kuti ameneyu ndi katswiri timukomere mtima ayi. Akaima pa mzere paja imawerenga 60 yomweyo basi.

Ndikudziwa chomwe chikukuzunguza. Pa mpira weniweni ziwirizi zimayendera limodzi kawirikawiri. Stephen Curry uja, mfumu ya ma three, pa free throw amachinya pafupifupi 91 pa 100 iliyonse. Ngakhale anthu ofufuza osewera atsopano a NBA amayang'ana kwambiri free throw ya mwana ali ku koleji akafuna kudziwa ngati adzathe kuponya ma three, chifukwa pamenepo palibe womutchinga, mtunda ndi womwewo, mapazi 15 kuchoka pa bolodi, ndiye dzanja lake limaonekera poyera. Komatu si onse. Kunali wina, Bruce Bowen wa San Antonio Spurs. Sizoni ya 2002-03 iyeyo ndiye anatsogola ligi yonse pa ma three, 44 peresenti, koma free throw anachinya 40 peresenti yokha. Tangoganiza, munthu akuponya bwino ali kutali, adani akumuthamangira, kusiyana ndi ataima phee aliyense atamusiya! Shaquille O'Neal nkhani yake ndi ina. Mipira yake yapakati pa masewero inkalowa 58 pa 100 chifukwa ankangoivwika ali pansi pa ringi, koma pa mzere ankangopitirira theka pang'ono, mpaka matimu ankamuchita faulo dala, zija ankati Hack-a-Shaq. Opanga magemu anagawa manambalawo kuti anthu ngati amenewa azioneka mmene analili.

Tsopano apa ndi pamene ndikukukayikira iweyo, chala chakocho. Mu 2K kaponyedwe ka free throw ndi kosiyana ndi ka jump shot, kuponya molumpha kuja, umachita kusankha pakokha. Jump shot imatuluka msanga, munthu walumpha, wasiya batani, zatha. Pa free throw amayamba wadunditsa mpira, apinde mawondo, aukweze pang'onopang'ono, ena amachita kaye ngati aima mpira uli pamphumi. Chala chako chazolowera changu chija, ndiye ukusiya batani mpira usanafike pamwamba. Nambala ikakhalanso yotsika, kampata kosiyira batani kuti upeze green, chizindikiro choti wasiya pa nthawi yake yeniyeni, kamachepa, ndipo ukalakwitsa pang'ono gemu siikukhululukira. Ndiye mavuto awiri akukumana pamodzi.

Ukafuna kudziwa kuti wolakwa ndi uti, pita ku settings, pa free throw timing usinthe uike Real Player %, usewere wekha ndi kompyuta. Pamenepo chala chako sichiwerengedwanso, gemu imangotengera luso la wosewerayo. Zikasintha n'kuyamba kulowa, vuto ndi iwe, kasankhe kaponyedwe kena kosavuta kuona pomwe mpira ukuchoka m'manja, uyeserere. Ine ndimayang'ana dzanja la munthuyo, kamita koonetsa posiyira batani kaja kamandichedwetsa. Zikapanda kusintha, ndi nambalayo.

Magemu ena aja ongoyendetsa timu, ngati Basketball GM, kulibeko zosiya batani, koma nakonso free throw ili ndi nambala yakeyake, kompyuta imangochita maere potengera nambalayo. Kumeneko osamaweruza ndi masewero amodzi. Munthu wa 75 peresenti atha kuponya 8 n'kuphonya 4 tsiku lina, palibe chodabwitsa, uone sizoni yonse yathera pati.

Kunena zoona ine sindiikweza mpaka 90, n'kuwononga mapointi. Koma iweyo ndi kasewero kako kongolowerera pansi pa ringi, umachitidwa faulo pafupipafupi, ndiye 60 yachepa kwambiri, uikokere cha m'ma 75 kapena 80. Ukanakhala wongoima pakona kudikira mpira ndikanati zisiye. Tajambula manambala onsewo unditumizire kumbali, tisadzaze gulu, tione poti tichotse mapointi.